Bondo la Agogo Anu pa Kauntala ya Bwana Msanga

Agogo anu aakazi ayamba kundiiwala, ndipo ine ndili kuno ku Doha, kumene matenda a korona ananditsekera. Mutu wa nkhani ndi umenewo. Kunyuzipepala ankatiphunzitsa kuti chachikulu chizikhala pamwamba, kuti munthu akatsika basi asanamalize kuwerenga, atsike akudziwa chimene chachitika. Ndiye mwadziwa. Zotsalazi, iwe Thoko mdzukulu wanga, mkazi wanga wamng'ono, uwerenge mokweza pakhonde, Yankho ndi Madalitso ali pomwepo, mafoni atawagoneka chafufumimba.

Ndinabwera kuno kudzachotsa ng'ala m'diso. Azakhali anu a Tiyamike, amene ndi namwino pachipatala china kuno ku Al Sadd, ndi amene anakonza zonse. Tinapangana mwezi umodzi, moti ndinanyamula malaya ochepa ndi jekete ija ya kutchalitchi. Diso linachira, ndege zinaima. Tsopano ndikuona bwino kuposa kale, koma chimene ndikuona ndi khoma la nyumba yoyang'anizana nafe, ndi makina oziziritsa mpweya atapachikika pamawindo ngati ming'oma ya njuchi. Jekete sindinaivalepo. Kuno dzuwa likakwera, ngakhale mphaka sadutsa msewu.

Lamlungu lapitali munandipatsa agogo anu pa foni. Munali pomwepo, koma simunamve zimene ndinamva ine. Ndinawaputa dala. Ndinati, "Nachisale, ndakhala ndikuganiza. Tsiku lija kwa Bwana Msanga munalakwitsa basi." Pa zaka zonse za ukwati wathu, mawu amenewa akhala machesi pa udzu wa m'chilimwe. Ankasiya chilichonse chimene agwira n'kundiloza ndi chala. Koma Lamlungu anangoti, "Chabwino, bambo. Pepani." Mwaulemu, ngati akuyankha munthu wa kalembera. Kenako ndinawamva akukufunsa iwe Thoko chapansipansi kuti, "Kodi amenewa ndi abusa?"

Ndiye mkangano wathu watsala ndi mwini mmodzi. Sizoona kuti mkangano wabwino chotere ufe. Ndikupatsani inu, mbali zonse ziwiri, ndipo ndiyesetsa kusabera mbali yawo. Chimene ndinaona ndinena kuti ndinaona. Chimene ndinangomva ndinena kuti ndinamva.

Inu mumalowa m'sitolo mukukankha kangolo, n'kumafinya buledi aliyense kuti mupeze wofewa. Madalitso mpaka amadandaula mokweza kuti mzere sukuyenda. Nthawi ya Chitaganya, ine ndili mnyamata wa ndevu zoyamba, sitolo zambiri za azungu m'tauni ya Blantyre zinali ndi pogulira pawiri. Khomo la kutsogolo linali lawo. Ife tinali ndi kawindo kumbali, cha kungalande, kukula kwake ngati khomo la khola la nkhunda. Unkalowetsa ndalama, dzanja n'kutuluka ndi katundu. Sunkasankha. Buledi wadzulo, nyama ya mafupa yokulungidwa kale m'pepala, shuga wa pansi pa thumba. Ukamasula phukusi pomwepo n'kudandaula, kawindo kankatsekedwa, ndipo anzako a pamzere ankakwiyira iwe, osati mwini sitolo.

Sitolo imene ndikunenayi inali ndi uvuni wake kumbuyo. Fungo la buledi wotentha linkatilandira tikamatsika kuchokera ku Ndirande wapansi, chifukwa basi inali ya tsiku la malipiro. Mwini wake tinkamutchula Bwana Msanga, poti Chinyanja chake chonse chinali liwu limodzilo. Mkazi wake, dona wamtali wa magalasi, ndiye ankakhala pa kauntala.

Ine ndinali ndisanakhale mtolankhani. Ndinkagwira ntchito kuchipinda chosindikizira nyuzipepala, kusanja zilembo za mtovu, chimodzichimodzi, mozondoka, kuti zikadindidwa papepala ziwongoke. Inu mumalemba ndi chala chachikulu n'kufufuta popanda wodziwa. Ife chilembo chikagwa pansi tinkakwawa kuchifuna, ndipo ukalakwitsa dzina la munthu, tauni yonse inkadziwa m'mawa mwake. Zala zinkada mpaka sopo kugonja. Nkhani zakunja zinkabwera pa makina ena olira ngati matalala padenga la malata.

Tsiku lina anandipatsa kankhani kakang'ono ka ku Amereka. Ophunzira akuda analowa m'malo odyera, n'kukhala pamipando imene ankawaletsa, n'kuitanitsa khofi. Sanawapatse. Iwo sanachoke. Anthu anawatukwana, kuwathira zinthu m'mutu, kuwakoka, ena kuwamenya, koma iwo manja ali pathebulo. Mawa lake anabwera ochuluka. Mkonzi wathu anaika nkhaniyo m'munsi mwa tsamba la m'kati, pafupi ndi malonda a mankhwala a nkhupakupa. Ine ndinaiwerenga mozondoka, m'mtovu, pepala lisanatuluke. Ndinaiwerenganso kachiwiri, kapitawo mpaka kundifunsa ngati ndagona choimirira.

Madzulo ake ndinapita nayo kwa a Kachingwe. A Kachingwe anali telala ku Ndirande, munthu wamkulu kwa ife, amene anapita kunkhondo ya azungu n'kubwerako ndi khutu limodzi logontha. Khonde lawo linali bwalo lathu achinyamata. Anamvetsera ndi khutu labwinolo, phazi likupondabe makina osokera. Nditamaliza anadula ulusi ndi mano.

"Khofi ife sitimwa," anatero. "Koma buledi timadya."

Anthu amaganiza kuti kusabwezera ndi kungoima ngati chitsa. Ayi, inu ana, tinachita kuphunzira, ndipo ena analephera mayeso. Thebulo lodulirapo nsalu linasanduka kauntala. A Kachingwe anamanga nsalu yoyera m'chiuno n'kukhala Bwana Msanga. Ankatikankha pachifuwa, kutiwaza madzi a m'simbi kumaso, kutiponda zala za kumapazi, uku akukuwa, "Msanga! Msanga!" Anthu odutsa ankaima kuseka. Mnzathu wina wamphamvu, wonyamula matumba kusiteshoni ya sitima, anapirira kanthawi, kenako anawagwira a Kachingwe pakhosi. Atamusiyitsa, a Kachingwe anakonza kolala n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mwamuna weniweni. Utsale kunyumba."

Malamulo anali omveka. Valani zochapa. Ndodo ndi mpeni zitsale. Manja azioneka. Pemphani chinthu chimodzi, momveka, kenako dikirani. Ndiye panali ena amene a Kachingwe ankawanena akumenya thebulo: osavula chipewa, osawomba m'manja, osagwada. Inu simungamvetse kulemera kwake. Masiku amenewo munthu wamkulu wa imvi ankavula chipewa podutsana ndi kamnyamata ka chizungu, ndipo amayi ankatsika m'njira n'kupinda mawondo dona akamadutsa. A Kachingwe ankati, "Mawondo athu agwira ntchito yokwanira. Apume."

Apa ndi pamene akulowa agogo anu. Nthawi imeneyo anali Esinati, mtsikana wa maso akuthwa, mlezi wa mwana wa azungu ena ku Sunnyside. Anabwera kudzapinditsa diresi, n'kutipeza tikukankhidwa. Anaonerera mpaka mapeto, osaseka. Kenako anati, "Ine m'sitolo imeneyo ndimalowa tsiku ndi tsiku, pakhomo la kutsogolo, ndikukankha ngolo ya mwana. Ndi mwana wa mzungu ndine munthu. Ndikabwera ndekha ndine wa pawindo. Mundilembe."

"Izi si za atsikana, mwanawe," anatero a Kachingwe.

"Buledi kwanu amadula ndani, bambo?"

A Kachingwe anatembenuzira kwa iwo khutu logontha lija, monga ankachitira akagonja. Esinati analowa pamzere, pafupi ndi ine. Ankanunkhira sopo wa ana. Ine ndinabisa zala zanga zakuda kumbuyo, ndipo a Kachingwe anandikumbutsa lamulo loti manja azioneka.

Muyenera kudziwa kumene anachokera. Esinati analeredwa ndi azakhali awo, mayi wa chigwirizano wosadziwa kumwetulira. M'nyumba imeneyo, mwana akalandira kanthu ndi dzanja limodzi, mthiko unkamupeza asanakabweze dzanjalo. Ulemu sunali m'mutu ayi, unali m'mafupa. Iwe Yankho, amene umalandira mbale maso ali pa foni, ukanatha chaka uli ndi zipsera.

Tinayamba nthawi ya dzinja, masana, pa nthawi yopuma kuntchito. Tinkalowa ochepaochepa kuti asanene kuti ndi chipolowe. Tsiku loyamba tinali ine, Esinati, a Kachingwe ndi anzathu ena awiri. Chimene ndikukumbukira ndi pansi: poterera, ponunkhira polishi, ndipo nsapato zanga zinkalira. Buledi anali atandandalikidwa pashelefu, wofiirira pamwamba, nthunzi ikuoneka. Ndinali ndisanaonepo buledi wambiri chotero pamalo amodzi. Ndinanena mawu anga, "Buledi mmodzi, chonde." Liwu linatuluka laling'ono ngati la mwana wa sukulu.

Dona anayang'ana pamwamba pa mitu yathu, ngati kumbuyo kwathu kuli munthu wina wamtali. Bwana Msanga anatulukira kuuvuni, ufa uli m'mikono, n'kuloza khomo. Ananena liwu lake lija. Ananenadi ndendende ngati a Kachingwe, moti mmodzi wa ife anatsala pang'ono kuseka. Sitinasunthe. Azungu ogula ankatilambalala atagwira madengu awo pachifuwa.

Apolisi anabwera, akabudula ndi zibonga, anthu akuda anzathu. Mmodzi tinkamudziwa, ankatunga madzi pampopi umodzi ndi ife. Anandiyandikira n'kunong'ona, "Achimwene, tulukani nokha. Ndili ndi ana ine." Ndinamuyankha kuti ndikudikira buledi. Mkulu wawo wachizungu atalowa, mnzathuyo anayenera kuonetsa ntchito. Chibonga chinandipeza apa paphewa, pamene mumandipaka mankhwala kukazizira. Dzanja langa lamanja linanyamuka lokha, ndikukuuzani, lokha. Ndinaligwira ndi lamanzere. Esinati, osatembenuka, anati, "Yang'anani buledi, musayang'ane iye." Ndinayang'ana buledi mpaka anatikokera kunja.

Anatisunga kupolisi mpaka dzuwa kupendeka, kutilemba mayina, kutiopseza, n'kutimasula. Mawa lake analowa ena. Mkuja tinabwereranso ife. Zinapitirira choncho, mvula ikugwa, mvula ikukata, chimanga m'madimba a m'mbali mwa Mudi chikukula. Masiku ena apolisi ankabwera, masiku ena ankatopa nafe. Tsiku lina Bwana Msanga anatithira ufa wosesa pansi. Tinabwerera kuntchito tili mbuu, ndipo kapitawo wanga anangoti ndikasambe.

Esinati ntchito inawathera sabata yoyamba yomwe. Dona wawo wa ku Sunnyside anawapeza pa kauntala ali opanda ngolo ya mwana. Anawauza kuti akatenge katundu wawo. Chimene chinawapweteka si ntchito, koma kuti sanawalole kutsanzikana ndi mwanayo, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Anasamukira kwa mbale wawo, n'kuyamba kuphika zitumbuwa zogulitsa pamsewu. Ine ntchito sinandithere. Zimenezi mulembe kumbali yawo.

Chimene chinathyola sitolo si ife tokha. Akhuki ndi anyamata a m'nyumba za azungu, amene ankatumidwa kudzagula pakawindo, anayamba kuchita manyazi kuima pangalande ife tili chilili m'kati. Ena ankabwerera n'kukanama kuti buledi watha. Anthu wamba nawonso anayamba kugula mabanzi kwa Amwenye. Sindikunamizani kuti mitima ya eni sitolo inasintha. Za mitima sindinaone. Chimene ndinaona ndi buledi akuchita nkhungu pashelefu.

Ndiye linafika tsiku lake. Kunagwa chimvula kuyambira m'mawa, ngalande ija kusefukira. M'sitolo munalibe wogula wina aliyense, ndipo Bwana Msanga anali atachoka ndi galimoto. Tinaima monga mwa masiku onse, madzi akudontha m'zovala. Esinati ananena mawu aja, "Buledi mmodzi, chonde." Dona anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anatembenuka, kutenga buledi wotentha, kumukulunga papepala, n'kumutambasula pamwamba pa kauntala.

Palibe anapuma. Esinati anaika ndalama pa kauntala. Kenako anatambasula manja onse awiri, kulandira buledi, mawondo n'kupinda pang'ono, thupi kutsika, n'kunena kuti, "Zikomo."

Kumbuyo kwanga a Kachingwe anabuula, "Mayo ine!"

Dona anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta kauntala pamene panali pouma kale.

Tinatuluka n'kukabisala mvula pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Buledi tinamunyema pomwepo ndi manja, akutentha, ndipo mpaka lero sindinadyenso wokoma chotero. Koma a Kachingwe anakana chidutswa chawo.

"Masabata onsewa taimirira, iwe wakagwada!"

"Sindinagwade, bambo. Bondo silinafike pansi."

"Linapinda! Ndinaliona ndi maso angawa. Khutu ndi limene linafa, maso alipo."

"Ndinalandira chakudya. Chakudya ndimalandira choncho kwa aliyense, kaya azakhali anga, kaya mwana wamng'ono. Ntchito andilanda. Mukufuna andilandenso ndi makhalidwe omwe?"

Apa ndi pamene ine ndinalowerera. Ndinati a Kachingwe akunena zoona, lamulo ndi lamulo, tinagwirizana tonse. Esinati ananditembenukira n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Aka kanali koyamba kundiyang'ana nthawi yaitali chotero.

"Inu a zala zakuda," anatero, "mwadya kale chidutswa chachikulu. Tafunani, musalankhule."

Chaka chisanathe ankhoswe anali atakumana.

Tsopano mbali ziwiri zija. Yanga ndi iyi, ndipo sindinaisinthe. Dona uja sankadziwa za azakhali ndi mthiko wawo. Chimene anaona ndi mtsikana wantchito akupinda mawondo pamaso pa dona, monga ankaonera tsiku lililonse. Tinapita kumeneko kukamuonetsa chinthu chatsopano, ndipo pa mphindi yeniyeniyo tinamuonetsa chakale. N'kutheka kuti anakagona mtima uli m'malo, akuganiza kuti wachita chifundo.

Yawo ndi iyi, m'mawu awo, poti ndawamva kokwanira kuwaloweza: "Zimene anaona ndi zake. Zimene ndinachita ndi zanga. Ndinapita kumeneko kuti ndikagule buledi ngati munthu, ndipo munthu wa kwathu amalandira chonchi. Ndikanatsomphola ndi dzanja limodzi, ndikanakhala kuti ndaphunzira kwa iwo."

Mkanganowu unakula nafe. Unabwera paukwati wathu, a Kachingwe atauyambitsa m'mawu awo olangiza. Unasamuka nafe kuchoka ku Ndirande kupita ku Chilomoni, pamodzi ndi mphasa ndi mbaula. Nditakhala mtolankhani n'kumayenda m'maboma ndi kataipi kanga konyamula m'manja, ndinkabwera ndi mfundo zatsopano zimene ndaganiza m'basi, iwo n'kuzigwetsa asanamalize kundithirira madzi osamba. Atabadwa bambo anu, ndinawaona agogo anu akuwaphunzitsa kulandira ndi manja awiri, n'kumandiyang'ana cham'mbali kuti ndinenepo kanthu. Ndinkangoti uwu si mkangano wathu uja. Mwana wanga ayenera kukhala ndi ulemu, imeneyo ndi nkhani ina. Ankati, "Si ina. Ndi yomweyo." Zaka zovuta zija, pamene mtolankhani ankayeza liwu lililonse asanalitulutse ngakhale m'nyumba mwake, uwu unali mkangano wokhawo wa ndale umene tinkatha kukangana mawindo ali otsegula.

Musaganize kuti kawindo kanatsekedwa tsiku lomwelo. Mawa lake Bwana Msanga anatithamangitsanso. Kenako masiku ena ankatigulitsa, masiku ena ayi, malinga ndi amene ali m'sitolo. Patapita nthawi tinangoona kuti aikapo njerwa, zosiyana mtundu ndi khoma lonse. Nyuzipepala yathu sinalembe kalikonse. Nyumbayo ilipobe, mukugulitsidwa mafoni, ndipo Madalitso mwina unaponda kale pamene anaima agogo ako.

Nkhaniyi ndinamufotokozeranso Limbani. Limbani ndi mnyamata wa ku Ntcheu, mlonda wa pakhomo la nyumba imene tikukhalayi. Ife anthu a msinkhu wanga anatiuza kuti tisamayendeyende, ndiye ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku ndi kutsika pansi, kuima pataliko, tonse titavala zotseka pakamwa, n'kumalankhula Chichewa. Chake n'chosakaniza ndi Chingerezi ndi Chiarabu, moti "yala" ndiye kuti tiyeni, "khalasi" ndiye kuti basi. "Yala, agogo, lifiti yafika." "Khalasi, agogo, shifiti yatha." Poyamba ndinkamukonza, pano ndinasiya.

Asanabwere pano ankalondera pakhomo la sitolo zazikulu zosanja za kuno. Anandiuza kuti Lachisanu, tsiku lokhalo limene anthu omanga nyumba amapuma, iye ankauzidwa kuti ndi tsiku la mabanja, amuna obwera okha asalowe. Izi sindinaone, ndinamva kwa iye.

"Ndiye unkawadziwa bwanji kuti alibe mabanja?" ndinamufunsa.

"Mumangoona, agogo. Nsapato. Khungu. Mzungu akabwera yekha, supavaiza amayang'ana kumbali. Koma a ku Nepal, a ku Bangladesh, ife tomwe, mabachela, ndimati sore bwana, famile dei. Munthu wasamba, wavala malaya ake abwino, wakwera basi kuchokera kukampu. Akungofuna kukhala pozizira."

"Ankatani?"

"Ankangoima. Ena kumwetulira. Kenako kubwerera." Anakonza chotseka pakamwa chake. "Ndili ndi ana awiri ku Ntcheu, agogo."

Mawu amenewo ndinawamvapo kale, kwa munthu wa kabudula ndi chibonga, ndipo ameneyo sindinamusungire mlandu.

Masiku ano nkhani ili pakamwa pa aliyense kuno ndi ya lamulo latsopano, loti wantchito akhoza kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana wake. Limbani akufuna kukalowa kuhotela, koma akuopa. Akuti, "Papepala zili bhobho, koma siponsa, bwana amene anakubweretsa kuno, akakwiya amakukansela, ndiye uli pa eyapoti." Anandifunsa maganizo. Ndinamuuza zimene ndikudziwa basi: kuti lamulo lalengezedwa ndi zoona, koma ngati lafika kale pakhomo pamene iye amaima, sindinaone. Kwathu njerwa zinachedwa kubwera pakawindo, koma zinabwera chifukwa anthu ankabwererabe mawa lake. Sindinamuuze chochita. Amene adzagone ndi njala zikavuta si ine.

Koma pa za bondo, mnyamatayo sanachedwe. "Agogo aakazi anawina," anatero. "Inu munangofuna kuti akuyang'aneni." Azakhali anu a Tiyamike nawonso ali mbali ya mayi awo kuyambira ali pasukulu. Kuno ndilibe mboni ngakhale imodzi. A Kachingwe anapita kalekale, ndipo mwa onse amene tinaima m'sitolo muja, otsala ndife awiri.

Kuno buledi ndi wopyapyala ngati chikhatho. Amamuphika pansi pa nyumba yoyandikana nafe, kumumata m'mbali mwa uvuni, ndipo fungo limakwera mpaka kuchipinda changa. Likafika ndimatseka buku. Ndimaona phiri la Michiru litachita utsi wa moto wolusa, ndi mitengo ya mango ya kuseri kwa nyumba itachita maluwa, poti ino ndi nthawi yake. Ndimaona agogo anu atakhala pampando wawo wa nsungwi, akusankha nyemba m'lichero, akundiuza kuti ndalakwitsa popanda kudzutsa mutu. Anthu amasowa zinthu zosiyanasiyana akakhala kutali. Ine ndasowa munthu wonditsutsa. Pamene ndinkachoka ankangoiwala pamene aika makiyi, ndipo tinkaseka. Sindinadziwe kuti mwezi umodzi udzatalika chonchi, kapena kuti matenda awowo amayenda mofulumira kuposa makalata a maofesi a ndege.

Tsopano za mawa. Bwalo la ndege la ku Lilongwe latsegulidwa. Azakhali anu andipezera mpando, wodzera ku Addis Ababa. Chatsala ndi kuyezedwa: mawa m'mawa akandipisa kamtengo ka thonje m'mphuno, ndipo zotsatira zikatuluka zabwino, ndinyamuka sabata ino isanathe. Zikatuluka zoipa, mpando upita kwa wina, ndipo sindikudziwa kuti wina udzapezeka liti. Ndikumva bwino m'thupi, koma azakhali anu akuti matendawa safunsa mmene ukumvera.

Bambo anu adzandichingamira ku Lilongwe. Ndikafika ndidzayamba ndakhala kuchipinda cha kuseri masiku amene achipatala anene, ndiye Yankho uchotsemo njinga yako ndi nkhunda zako.

Ntchito yanu ndi iyi. M'mawa uliwonse, akamamwa tiyi, muziwauza kuti amuna awo ali m'njira. Akafunsa kuti ndani, musaseke ndipo musawakalipire. Nenani dzina langa lonse, pang'onopang'ono. Akaiwala pofika masana, munenenso. Koma tsiku limene galimoto idzaime pageti, nonse mudzakhale chete. Pasadzapezeke wothamanga kukanena kuti agogo, awa ndi amuna anu. Mudzawakhazike pakhonde pamene pali kuwala. Ine ndidzaima pabwalo, pataliko monga akunenera achipatala, ndidzachotsa chotseka pakamwa kuti aone nkhope yonse, ndipo ndidzadikira.